Makina Anga ndi Uvuni wa Achemwali

Makina ofufuzira zitsulo ndinawadziwira ku Joni, m'katauni kena ka m'mbali mwa nyanja yamchere, komwe ndinkasamalira mzungu wina wokalamba. Anandilemba ntchito yowasambitsa, kuwaphikira ndi kuwakumbutsa mankhwala. Za makina munalibe m'pangano. Koma madalawo theka la moyo wawo anathera pamchenga, kufunafuna mphete ndi makiyi zomwe anthu amataya posambira, ndipo mapewa atakana ntchito, mtima wokha sunavomere. Ndiye m'mawa uliwonse ndinkawakankha pa njinga yawo ya odwala mpaka pomwe mchenga ukuyambira, iwo n'kukhala pamenepo atafunda bulangete, ine n'kutsikira kumadzi nditakwinyira chitenje m'chiuno, makina ali m'manja.

Kwa amene sanawaonepo, makinawa ndi ndodo yaitali ngati yokolopera m'nyumba. Kumunsi kuli chimbale chozungulira chomwe chimayenda pamwamba pa nthaka, kumtunda kuli kabokosi ka mabatani, ndipo m'makutu umavala zomvera. Pansi pakakhala chitsulo, amalira. Zikumveka zophweka, ndipo inenso ndinkayesa choncho. Tsiku loyamba analira paliponse pomwe ndaponda. Ndinakumba maenje ngati nkhuku yapadzala, osapeza ngakhale msomali, mpaka ndinabwerera kwa madalawo thukuta lili kamukamu, n'kuwauza kuti chinthu chawo chachita misala.

Anaseka mpaka kutsokomola. Anati makinawo sakunama, akumva mchenga womwewo. Mchenga wa kumeneko uli ndi mizere yakuda, chitsulo chachibadwidwe chosalala ngati ufa, ndipo mchere nawo ukanyowa umachititsa makina kulira. Munthu uyenera kuyamba wawazoloweretsa nthaka. Upeze pomwe palibe kanthu, uzikweza ndi kutsitsa chimbale uku ukupotokola kabatani, kufikira phokoso litazizira. Ukachoka pouma kupita ponyowa, uyambirenso. Mphamvu usatsegule yonse, chifukwa amayamba kubwebweta. Chimbale chiziyenda chotsala pang'ono kukhudza mchenga, mosathamanga, ndipo kulira kwenikweni ndi komwe kumabwerera pamalo amodzimodzi ukadutsa chakumanja, chakumanzere, ngakhale utazungulira mbali ina.

Lamulo lawo lalikulu linali lakuti malo ukawayamba uwamalize. Ankandilembetsa malire pamchenga ndi chidendene, ndiziyendamo mzere ndi mzere, mzere watsopano uzilowa pang'ono mwa wakale. Ndikadumpha kachigawo poti ndatopa, ankaona ali pampando pomwepo n'kuloza ndi ndodo. Ndinkalusa, pakuti ine mtima wapachala ndinabadwa nawo, koma kuona maso a nkhono n'kudekha. M'kupita kwa nthawi khutu langa linayamba kusiyanitsa chitsekerero cha botolo ndi mphete ndisanakumbe n'komwe. Madalawo atamwalira, mwana wawo wamkazi anandipatsa makinawo, nati m'banja mwawo mulibe wina wodziwa kuwamvetsera. Ndinawakulunga m'bulangete n'kukwera nawo basi yobwerera kuno.

Ndinachita lendi ku Naperi, kuseri kwa nyumba ya eni. Tsiku lomwe ndinayamba kuwayesa pabwalo, anthu anaima pamsewu. Wina anafunsa ngati ndikukolopa fumbi, wina anati mayiwa akusaka mabomba. Posakhalitsa kunayamba kubwera azibambo oyankhula monong'ona, ofuna ndikawapezere simbi zamakala za Ajeremani zomwe ati kunja zikufunidwa, ena mitsuko ya ndalama zakale yomwe agogo awo anawalotetsa. Amenewo ndinkawabwezera pageti pomwepo. Ine ndilibe nthawi yokumba maloto a munthu.

Chomwe chinandiseketsa n'chakuti dothi la kuno ndi mchenga wa kunyanja kuja ndi pachibale. Katondo wathu wofiirayu ali ndi chitsulo chakechake, ndipo muli timiyala takuda tomwe timachititsa makina kulira ngati wapeza chuma. Kuwonjezera apo, anthu a mu Blantyre akhala akutaya zinthu pansi kuyambira kalekale: misomali, zidutswa za malata, zitini, mawaya. Ine sizinandivute. Yemwe anaphunzirira pamchenga wamchere, katondo samuopsa. Ndinapezera dalaivala wa minibasi makiyi m'matope ku Limbe, okwera atayamba kale kutsika. Ndinapezera mkwatibwi mphete pakapinga pomwe ankajambulitsa zithunzi, apongozi ake asanamve. Mapulambala nawo ankandiitana kuti ndiwalondolere mapaipi achitsulo asanaswe simenti ya eni. Sindibisa, ntchitoyi ndimaidziwa, ndipo ndinkakonda kuti anthu adziwe kuti ndimaidziwa.

Achemwali anga, oyamba kubadwa m'banja mwathu, amakhala ku Chimwankhunda, papuloti yotsetsereka yomwe anapeza ndi malemu alamu anga atangokwatirana. Alamu anali kalaliki, munthu wofatsa, wokonda kugwiragwira pakhomo Loweruka. Atayamba kudwaladwala anadziwa kuti sakhalitsa, ndipo m'malo mogona anamanga uvuni wa njerwa pangodya yakuseri, chakumunsi, pafupi ndi nthochi. Anaumanga pang'onopang'ono, akumapumira pampando, n'kuikako chitseko chachitsulo chowotcheretsa ku Mbayani. Anati akapita, mkazi wawo asamakapemphe mchere kwa munthu. Uvuni umenewo ndi womwe unaphunzitsa ana, ndipo ndi womwe unkawadyetsa achemwali. Masikono awo ankafika m'magolosale a m'deralo dzuwa lisanatenthe.

Kumunsi kwawo kunkakhala bambo wina wachiyao, Msilamu, yemwe anakalambira pa chiwongolero cha malole a mtunda wautali. Mabanja awiriwa anali asanakanganepo. Malire awo anali mzere wa nthochi, ndipo mkoko ukakhwima ankagawana osafunsa kuti wapendekera mbali iti. Mwezi wosala kudya, masikono otentha ankadutsa pakati pa nthochizo dzuwa likamalowa. Mavuto anabwera mwana wamwamuna wa anebawo, wogulitsa zitsulo za magalimoto ku Limbe, atagula lole yakeyake n'kufuna mpanda wa njerwa woti izigonamo. Anabwera ndi mmisiri n'kukoka chingwe. Chingwecho chinadutsa kumtunda kwa nthochi, n'kudya kashedi kosungiramo nkhuni, n'kukhudza khoma lakumbuyo la uvuni.

Mwanayo ankati bambo ake amakumbukira kuti bikoni yapangodya, kasimenti kokhala ndi chitsulo pakati komwe oyeza malo amakwirira m'malire, inali chakumtunda ndithu, osati m'nthochi. Mkuluyo akafunsidwa ankangoti papita nthawi, sangathenso kuloza. Bikoniyo inali itakwiririka kalekale ndi dothi lomwe mvula imakokolola kumtunda. Koma achemwali m'mawu amenewo anamvamo china. Kwa iwo, kunena kuti malire ali kumtunda kunali kunena kuti malemu amuna awo anaba malo a eni.

Anandiimbira foni mawu akunjenjemera, ndipo ndinapita tsiku lomwelo. Ndinawapeza atakhala pakhonde, manja ali ndi ufa, chingwe chija chikadali chokoka.

"Alamu ako sanatolepo ngakhale singano ya munthu," anatero. "Lero ali m'manda ndiye azitchedwa akuba? Mwana ameneyu ndamupukuta mamina ine. Masikono a mu uvuni womwewu ndi amene anamukuza."

"Musadandaule, achemwali," ndinatero. "Bikoni ili ndi chitsulo, ndipo chitsulo sichindibisalira ine. Ndikaipeza m'nthochimo, aione ndi maso ake, amasule chingwe chake azipita."

Ndinayankhula ndi mtima wonse, chifukwa alamu nanenso ndinkawadziwa. Ndine ndinaumirira kuti pasakhale zobisa, onse akhalepo, ndipo chomwe chituluke pansi aliyense achivomere. Mwini loleyo anavomera msanga. Anati kudikira oyeza malo n'kutaya nyengo, njerwa zake zikunyowa ndi mvula.

Tinapangana Loweruka m'mawa. Mvula inali itagwa masiku am'mbuyomo, nthaka ili yofewa, ndipo achemwali tsiku limenelo sanakoleze moto. Anebawo anawatulutsira mpando pansi pa mthunzi, atavala mkanjo woyera ndi kachipewa. Mwana wawo anaima chapafupi atapinda manja, mmisiri wake ali pambali ndi khasu. Anthu ena ankasuzumira pamsewu, monga mwa masiku onse munthu wamkazi akanyamula chinthu chosadziwika. Ndinawasiya asuzumire.

Kunyanja kuja ndinkatseka makina kuti asamamve chitsulo wamba, poti tinkafuna mphete. Apa ndinkafuna chitsulo wamba chomwecho, choncho ndinatsegula, kutanthauza kuti msomali uliwonse wa pamalopo unali ndi ufulu wondiitana. Ndinawazoloweretsa katondo wa pamenepo, n'kuyambira kutsogolo, kumsewu, chifukwa malire amakhala ndi bikoni uku ndi uku. Ya kumsewu sinandivutitse. Inalira pafupi ndi mzati wa geti, m'mphepete mwa ngalande, kulira kolimba, kopapatiza, kosagwedezeka, monga chimalirira chitsulo choimirira. Mmisiri anakumba pang'ono, khasu n'kugunda simenti. Inali pomwe aliyense ankaganizira, ndipo panalibe wotsutsa. Ndinamuyang'ana mwini loleyo kuti aone yekha kuti mayi wokolopa fumbi sanabwere kudzasewera.

Kenako tinatsikira kuseri. Ndinalemba malire ndi chidendene, kuyambira kumunsi kwa nthochi, mbali ya anebawo, mpaka kumtunda pa chingwe choyanikira zovala cha achemwali, uvuni uli pakati. Ndinayambira kumunsi, pomwe mtima wanga unkafuna kuti ndiipeze. M'nthochi munali zambiri. Ndinafukula khasu lothyoka, loko wadzimbiri, supuni yomwe achemwali anaizindikira n'kutukwana nayo mwana yemwe anakula kale, ndi timiyala takuda tija tambirimbiri. Chilichonse ndinkachiika pachisaka kuti chisandiitanenso. Ndinakwawa pakati pa mitengo ya nthochi, utomoni ukundidetsa bulauzi, ndinabwereza kawiri. Bikoni munalibe.

"Mwina makinawo atopa," anatero mwini loleyo. "Mabatire mwagula atsopano, anti?"

"Achimwene, inu dziwani za malole," ndinamuyankha. "Tiyeni pomwe mukuti ili."

Tinachotsa nkhuni m'kashedi, ndipo ndinayenda motsatira chingwe chake, kuseri kwa uvuni, mwachifatse kuposa poyamba, kuti asadzanene kuti ndinakondera. Munali misomali ya denga ndi kachidutswa ka lata. Ndinavula zomvera n'kulankhula mokweza kuti a pamsewu amve nawo.

"Apanso palibe. Chingwe chanu chikudutsa pamphepo."

Achemwali anaseka koyamba tsiku limenelo. Anadzikung'untha chitenje n'kunena kuti basi, bikoniyo inapita ndi madzi, aliyense abwere adzamwe tiyi. Mwini loleyo anakanda m'mutu. Sanali munthu woipa, anali wothamanga chabe.

"Mami, tingomvana," anatero. "Nthochi zokha zichoke, mpanda udutse pomwe zili. Shedi ndi uvuni wanu sindikhudza. Ine ndingofuna lole ilowe."

Achemwali anati nthochi zibzalidwa zina, si nkhani. Anebawo anagwedeza mutu movomereza. Pamenepo nkhani inali itatha, ndipo aliyense anali atatsala ndi ulemu wake.

Koma ine malo anga anali asanathe. Panatsala kachigawo ka kumtunda, kutsogolo kwa uvuni, ndipo ine kusiya kachigawo kumandiyabwa ngati nthata. Komanso simenti yokwiririka siyenda ndi madzi, ndinkadziwa zimenezo. Ndinalonjeza bikoni pamaso pa anthu, ndipo sindinafune kuti mawa azinena pamsika kuti makina a mayi uja analephera ku Chimwankhunda. M'maganizo mwanga ndinati ndingomalizitsa apa, kenako ndikulitse malo chakumunsi, komwe ndinali ndi chikhulupiriro kuti ili.

"Iwe, bwera udzamwe tiyi," anatero achemwali. "Pamenepo ukufunapo chiyani? Ndimaima pomwepo tsiku lililonse."

"Ndingomaliza, achemwali. Sinditenga nthawi."

Chitseko cha uvuni chinkasokoneza, poti chitsulo chachikulu chimaphimba mawu a zing'onozing'ono. Ndinapempha mmisiri kuti achizule pamahinjesi ake, achitengere kutali pamodzi ndi mathireyi ophikira. Nthaka ya pamenepo inali yosakanikirana ndi phulusa la zaka zambiri, choncho ndinazoloweretsanso makina, kukweza ndi kutsitsa mpaka atakhala chete. Ndinayenda mzere woyamba, panalibe kanthu. Mzere wachiwiri, msomali. Mzere wotsatira unadutsa pakhomo penipeni pa uvuni, pomwe mapazi a achemwali anakumba kadzenje poimirira.

Makina analira. Kunali kulira komwe kuja kwa pageti, kolimba, kopapatiza. Ndinakuzindikira monga umazindikirira mawu a mbale wako pagulu la anthu. Ndinadutsa chakumanja, ndinadutsa chakumanzere, ndinazungulira n'kudutsanso, ndikupempha mumtima kuti kusweke, kugawanike ngati kwa lata. Sikunasweke. Kunabwerera pamalo omwewo.

Ndinachita mantha, ndipo sindichita manyazi kunena. Zomvera zinali m'makutu mwanga, wina aliyense sanamve kanthu. Mwini loleyo anali atayamba kale kulankhula ndi mmisiri za maziko. Anebawo ankayang'ana kumapiri. Ndikanangoponya phazi kutsogolo, n'kumaliza mzere, n'kunena kuti palibe, tikanamwa tiyi tonse. Ndinafuna kutero, ndipo ndinafunitsitsa. Koma ndinali nditaima, ndipo achemwali anandilera, nkhope yanga amaiwerenga ndisanatsegule pakamwa.

"N'chiyani?" anafunsa.

Ndinadutsitsanso chimbale pamalopo.

"Mwina n'chitseko chija chikusokoneza," anatero.

"Chitseko tachotsa, achemwali."

Ndinaponda chidendene pamalopo n'kuitanitsa khasu. Sindinganame kuti ndinaganiza zakuya za chilungamo. Ndine ndinaitana anthu amenewa, ndine ndinanena kuti chotuluka pansi chivomerezedwe, ndipo pakamwa panga sipakanatha kunena kuti palibe khutu langa litamva. Khasu sindinapatse mmisiri, ndinakumba ndekha. Pamwamba panali phulusa, kenako dothi lakuda, kenako katondo. Ndinkakumba ndikulakalaka kuti chikhale chipaipi chakale kapena nkhwangwa yotayika. Khasu linagunda, ndinapala ndi manja, ndipo kanaoneka kasimenti kofanana ndendende ndi ka pageti, chitsulo chadzimbiri chili pakati.

Mmisiri anamasula chingwe chake osauzidwa ndi munthu. Anachimanga pa bikoni ya kumsewu, n'kuchikoka mpaka pa iyi. Chinadutsa kutsogolo kwa uvuni. Uvuni wonse, kashedi ndi nthochi zonse zinatsala kumunsi kwa chingwe, mbali ya anebawo. Mwana wawo, yemwe ankangofuna khoma lakumbuyo, anavula kapu n'kuyang'ana pansi. Anthu a pamsewu anayamba kuchoka mmodzimmodzi, monga amachitira nkhani ikasiya kukoma.

Woyamba kuyankhula anali mkulu uja. Anadzuka pampando movutikira, n'kubwera kudzaona dzenjelo, kenako anatembenukira kwa achemwali.

"Mayi, musaganize zambiri," anatero. "Nthochi zimayenda. Tinabzala tonse ndi malemu, pamzere pomwe pali chingwepa. Iwo zikabereka mbali yawo ankadula, n'kulimapo mpiru. Ana a nthochi amaphukira kotsetsereka, komwe kukupita madzi, ndipo akazi anga madzi otsukira mbale ankatayira kumeneko. Ine ndinali pamsewu, ndikabwera ndingoona nthochi zili bwino. Chaka ndi chaka zinkatsika, ife n'kumati malire ndi omwewo. Palibe anabera mnzake pano."

Ndinayang'ana nthochizo ndipo ndinaona kuti akunena zoona. Zing'onozing'ono zonse zinali kumunsi, zitsa zowola kumtunda. Chinthu choonekeratu chotero, ndipo ndinakwawamo m'mawa wonse osachiona.

"Mpanda ukhote," anapitiriza mkuluyo, akuyang'ana mwana wake. "Uzungulire uvuni. Lole siidya malo onsewa."

"Zoona, mami, tikhotetsa," anatero mwanayo. "Palibe vuto."

Mtima wanga unatsika pang'ono, ndinati Mulungu watichotsa manyazi. Koma achemwali anali chiimire, akuyang'ana kasimenti kaja, komwe anakhala akupondapo m'mawa uliwonse kwa zaka zonsezo. Atayankhula, mawu awo sananjenjemere ngati pafoni paja.

"Zikomo, bambo. Mwalankhula ngati mbale. Koma inu ndi ine tidzapita, adzatsala ana ndi khoma lokhota. Aliyense wodutsa azifunsa kuti linakhoteranji, ndipo aziyankhidwa kuti mwamuna wa mayi uja anamanga pa eni. Nkhani ya nthochi sadzaikumbuka munthu. Likokeni lowongoka. Mungondipatsa masiku ochepa."

Mkuluyo anayesa kuwanyengerera, mwana wake nayenso anayesa. Ine ndinatsegula pakamwa kuti ndithandizire, koma anandiyang'ana kamodzi ndipo ndinatseka. Analowa m'nyumba n'kukankha chitseko. Tiyi uja sanamwedwe.

Ndinakwera minibasi yobwerera, makina ali pakati pa miyendo. Kondakitala anafuna kuyamba nthabwala zake za golide, ndinamuyang'ana mpaka anakayang'ana kuwindo. Ndinali wokwiya ndi nthochi, ndi mvula, ndi mwana wa lole, ndi mzungu wakufa yemwe anandiphunzitsa kumaliza malo. Ndinayesa kudzikwiyira ndekha, koma sizinagwire bwino, chifukwa ndinkadziwa kuti khutu langa silinalakwe ndipo pakamwa panga sipananame. Zimenezo sizinanditonthoze ngakhale pang'ono. Madzi akatayika saoleka, ndipo amene anatayika tsiku limenelo anali a achemwali anga, osati anga.

Sanandiimbire, inenso sindinaimbe. Lamulungu ndinakhala m'tchalitchi osamva ulaliki. Lolemba m'mawa ndinavala nsapato zantchito ndi chitenje chakale, makina ndinawasiya pansi pa bedi, n'kupita ku Chimwankhunda osaitanidwa.

Ndinawapeza ali pa uvuni, atamanga duku, chumuni atachitsitsa kale. Mmisiri uja anali atadzipereka kuti augwetse ndi hamala, iwo anakana, poti akanaswa njerwa. Uvuniwo unamangidwa ndi dothi, osati simenti, choncho ankalowetsa chikwanje pakati pa njerwa, kugwedeza pang'ono, n'kuzula imodziimodzi. Mkati zinali zakuda bii ndi mwaye, ndipo pamalopo pankanunkhirabe masikono. Ankazisanja kumtunda, pafupi ndi khitchini, mkati mwa chingwe. Ndinapereka moni, anayankha mwachidule osandiyang'ana. Ndinaima pambali ngati mlendo pamaliro, osadziwa pogwira.

Anazula ina n'kuyamba kuipala dothi ndi chala chachikulu.

"Kulira kuja," anatero, maso ali panjerwa, "unamva wekha, eti? Ife sitinamve kanthu."

"Ndinamva ndekha."

"Ukanadutsa, palibe akanadziwa."

"Palibe, achemwali."

Anapitiriza kupala. Ndinadikira kuti andilalatire kapena andiuze kuti ndinachita bwino, ndipo chilichonse mwa ziwirizi ndikanachilandira. Sanachite n'chimodzi chomwe. Anatembenuka n'kundipatsira njerwayo.

"Gwira ndi manja awiri," anatero. "Alamu ako anaumba okha zimenezi."